Mmene mungasiyire nyuzipepala ya pa intaneti kuti asakuduleninso ndalama

Kulembetsa nyuzipepala ya pa intaneti sikutenga mphindi ziwiri. Mwalemba imelo, mwalowetsa nambala ya khadi, mwadina batani, basi mwalowa. Vuto limadza tsiku limene mwati zakwana. Batani loletsera silioneka, tsamba lino likukutumizani ku lina, linalo likukufunsani chifukwa chimene mukuchokera, pamapeto pake akukuuzani kuti muimbe foni ku New York kapena ku London pa nthawi ya ntchito ya kumeneko. Dongosololi analipanga ngati mono wa nsomba, polowera mpotakasuka koma potulukira mpobisika. Ndalama zambiri za otsatsa malonda zinasamukira ku Google ndi Facebook, choncho nyumba zofalitsa nkhani zikudalira kwambiri olembetsa, ndipo munthu amene watopa n'kulekera panjira ndi ndalama ya mwezi wina kwa iwo. Mu 2021 bungwe la American Press Institute litafunsa nyumba zofalitsa nkhani zoposa 500 za ku America, 41 peresenti yokha ndi imene inali ndi njira yosavuta yoletsera pa intaneti.

Kutuluka n'kotheka ndithu, bola mutsate ndondomeko ndipo mukhale ndi umboni wolembedwa.

Yambani ndi kudziwa amene akudula ndalamayo

Anthu ambiri amasochera pomwepa. Amalimbana ndi nyuzipepala pamene wodula ndalama ndi wina. Tsegulani sitetimenti ya ku banki kapena mauthenga a banki a pa foni, muone dzina lolembedwa pambali pa ndalama yodulidwayo. Mukaona APPLE.COM/BILL, ndiye kuti munalembetsa kudzera mu app ya pa iPhone kapena iPad. Mukaona dzina loyamba ndi GOOGLE, munadutsira ku Google Play. Likayamba ndi PAYPAL, ndalama ikudutsa ku PayPal. Likakhala dzina la nyuzipepala kapena la kampani yake, mgwirizano wanu uli ndi iwo enieniwo. Dzina la kampani nthawi zina limasiyana ndi la nyuzipepala: The Wall Street Journal ndi ya Dow Jones, News24 ndi ya Media24, The Times ya ku London ndi ya News UK.

Ngati munalembetsa kudzera ku Apple kapena Google, kawirikawiri a nyuzipepala sangakuletsereni, chifukwa chilolezo chodula ndalama munachipereka kwa Apple kapena Google. Ubwino wake ndi woti kumeneku kuletsa n'kosavuta. Pa iPhone tsegulani Settings, dinani dzina lanu pamwamba, kenako Subscriptions, sankhani nyuzipepalayo, dinani Cancel Subscription. Pa foni ya Android tsegulani Play Store, dinani chithunzi cha akaunti yanu pakona yakumanja, kenako Payments & subscriptions, ndiyeno Subscriptions. Mukapeza mndandanda uli wopanda kanthu, musafulumire kuganiza kuti zatha. Kawirikawiri zimatanthauza kuti foniyo ili pa akaunti ina ya Google kapena Apple, yosiyana ndi imene munalembetsera. Foni zogula kwa munthu kapena zopatsidwa ndi achibale zimakhala ndi vuto limeneli. Sinthani akaunti muonenso.

Ku PayPal lowani mu Settings, kenako Payments, mupeze gawo la Automatic payments. Kuchotsa chilolezo pamenepo kumaimitsa kutuluka kwa ndalama, koma mgwirizano ndi nyuzipepala umakhala ukadalipo mpaka mutawauza.

Ngati mwaiwala imelo imene munalembetsera, fufuzani m'maimelo anu onse ndi dzina la nyuzipepalayo pamodzi ndi mawu akuti receipt kapena renewal. Amene anadina Sign in with Apple n'kusankha kubisa imelo yawo adzapeza kuti nyuzipepala ikuwadziwa ndi adiresi yachilendo yothera pa privaterelay.appleid.com. Mukawapatsa imelo yanu yeniyeni adzati dzina lanu mulibe m'kaundula wawo, ndipo sadzakhala akunama.

Tsiku lodulira

Chachiwiri chofunika kudziwa ndi tsiku limene adzadulenso. Limalembedwa pa tsamba la akaunti kapena pa lisiti yomaliza. Werengani bwino ngati akudula pamwezi kapena pa masabata anayi aliwonse, chifukwa ziwirizi n'zosiyana. The New York Times ndi nyuzipepala zina za ku America zimadula pa masabata anayi, kutanthauza masiku 28, ndiye pachaka amadula ka 13. Wodulidwa pa 1 Januwale adzadulidwanso pa 29 Januwale yemweyo, ndipo tsikulo limanka libwerera m'mbuyo mwezi uliwonse. Munthu amene wasunga m'mutu kuti amadulidwa pa 1 adzapeza ndalama itatuluka kale. Tiyerekeze kuti mtengo ndi madola 25: pachaka ndi madola 325, pamene iye amawerengera 300.

Mtengo wokopa wa poyamba uja nawo umatha mwakachetechete. Mgwirizano umanena kuti nthawi ya mtengo wotsika ikatha mudzayamba kulipira mtengo wonse, ndipo mtengo wonsewo ukhoza kuposa woyambawo kanayi kapena kupitirira. Kwa wolipira ndi khadi la banki ya ku Malawi pali chinanso: mtengo uli mu madola kapena mapaundi, banki imasintha pa mtengo wa tsikulo ndipo kawirikawiri imaonjezerapo kake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira kunja anaona ndalama yotuluka itakwera usiku umodzi, nyuzipepala isanakweze kalikonse.

Musadikire tsiku lomaliza. Nyuzipepala zambiri zimakulolani kupitiriza kuwerenga mpaka nthawi imene munalipira itatha, choncho kuletsa lero sikukutayitsani kanthu. Zimene zimasiyanako ndi masiku aulere oyesera, pamene ena amakutsekerani nthawi yomweyo mukangoletsa. Apple imanena kuti woyesera aletse kutatsala maola 24 kapena kuposa kuti masiku aulerewo athe. Zoletsa poimba foni kapena pa imelo zipatseni sabata yathunthu, ndipo za nyuzipepala yosindikiza yobwera pakhomo onani kaye mgwirizano, chifukwa ena amafuna chidziwitso cha masabata angapo.

Kuletsa pa webusaiti yawo

Gwiritsani ntchito kompyuta ngati ilipo. Pa foni tsegulani webusaiti mu Chrome kapena Safari, musadalire app, chifukwa ma app ambiri alibiretu gawo loletsera. Lowani mu akaunti, pitani pa Account kapena My account, kenako Manage subscription kapena Billing. Mawu oletsera sawaika pa batani lalikulu la mtundu wowala. Amakhala m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono zotuwa, nthawi zina obisika pansi pa mutu wonga Other options kapena Help. Mukawasowa, dinani Ctrl ndi F pa kompyuta, mulembe cancel.

Mukadina, musaganize kuti mwamaliza. Masamba angapo amatsatana. Loyamba limafunsa chifukwa. Sankhani chilichonse, koma dziwani kuti mukati mtengo wakwera, lotsatira lidzakupatsani mtengo wotsika. Lina limakuonetsani zonse zimene muzidzasowa. Lina limakupemphani kuti mungopumira kaye, ndi mawu akuti Pause. Msampha waukulu ndi umenewu: kupumira kumatha pakapita masabata angapo ndipo kudula kumayambiranso popanda kukufunsani. Pa masamba onsewa batani lalikulu ndi lokubwezani m'kati, ndipo lopitiriza kuletsa ndi laling'ono. Werengani mawu a pa batani musanadine, chifukwa malo ake amasinthasintha. Apa lili kumanja, tsamba lotsatira lili kumanzere.

Mwamaliza pokhapokha mutaona tsamba lonena kuti kulembetsa kwaletsedwa ndi tsiku limene kudzathere. Jambulani sikirini pomwepo, tsiku ndi nthawi zikuoneka. Tulukani mu akaunti, lowaninso, muone ngati pamene panalembedwa tsiku lodzadulanso tsopano palembedwa tsiku lothera. Imelo yotsimikizira iyenera kufika pasanathe tsiku. Yang'ananinso mu Spam. Ikapanda kubwera, tengani kuti simunaletse.

Onaninso ngati muli ndi zinthu zingapo pa akaunti imodzi. Nyuzipepala zina zimagulitsa padera nkhani, masewera, maphikidwe kapena nkhani za mpira, ndipo kuletsa chimodzi kumasiya chinacho chikudyabe ndalama.

Za mtengo wotsika umene amakupatsani potuluka, maganizo athu ndi akuti ngati nyuzipepalayo mumaiwerengadi, utengeni, palibe chamanyazi. Atolankhani amafunika malipiro, ndipo kutsitsako n'kwenikweni. Koma funsani kuti utha liti, mtengo wotsatira udzakhala wotani, komanso ngati kuvomera kukukumangani pa mgwirizano wa chaka. Lembani tsikulo pa kalendala ya foni kutatsala sabata, chifukwa nkhani yomweyi idzabweranso.

Pali njira imene anthu amauzana, yosintha adiresi ya pa akaunti kuti ioneke ngati ya ku California. Gwero lake ndi loona: kuyambira mu Julayi 2018 lamulo la kumeneko limakakamiza kampani kulola munthu amene analembetsa pa intaneti kuletsanso pa intaneti, ndipo makampani ena ankaonetsa batanilo kwa okhala kumeneko okha. Ife sitiilimbikitsa. Adiresi yabodza imatha kusemphana ndi ya pa khadi, ndipo pakadzabuka mkangano ku banki, umboni wanu umafooka.

Akati muimbe foni kapena mulankhule ndi wothandiza

Pakakhala mwayi wosankha pakati pa kuimba foni ndi chat, kumene ndi kulemberana mauthenga pa webusaiti yawo, tengani chat. Silidya mayunitsi ndipo zonse zimakhala zolembedwa. Nambala zoyamba ndi 1-800 za ku America ndi 0800 za ku Britain ndi zaulere kwa oimba ali m'dzikomo okha. Kuchokera kunja zimalipiritsa kapena sizilowa n'komwe, ndiye funani nambala ya makasitomala a kunja pa tsamba la Contact us. Werengeraninso nthawi: 9 koloko m'mawa ku New York ndi 3 koloko masana ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg kuyambira mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo ndi 4 koloko miyezi yotsalayo. London ili m'mbuyo ndi ola limodzi nthawi yotentha ya kumeneko, maola awiri nthawi yozizira.

Musanayambe, ikani pafupi imelo ya akaunti, nambala ya akaunti ngati ilipo, manambala anayi omaliza a khadi ndi adiresi imene munalembetsera. Sayenera kukufunsani PIN kapena pasiwedi. Wofunsa zimenezo ndi wakuba, ndipo nambala zabodza za makasitomala zimapezeka ndithu munthu akafufuza pa Google, choncho tengani nambala pa webusaiti yeniyeni.

Pa chat mudzayamba kuyankhidwa ndi makina. Lembani cancel subscription, ndipo akamakuzungulitsani lembani agent kuti mupatsidwe munthu. Munthuyo ntchito yake ndi kukusungani, ndipo ali ndi mndandanda wa zoti akuuzeni asanavomere. Kumukalipira n'kutaya nthawi, malamulowo sanapange ndi iye. Kufotokoza zifukwa nakonso kumangotalikitsa nkhani, poti chifukwa chilichonse ali nalo yankho lake. Chiganizo chimodzi n'chokwanira, "Please cancel my subscription today and confirm by email," ndipo muzichibwereza mwaulemu akamakupatsani mtengo wina. Kawirikawiri akakanidwa kawiri kapena katatu amavomera.

Musanatseke, afunseni zinthu zitatu: tsiku limene kulembetsa kuthere, ngati pali ndalama ina yodzadulidwa, ndi nambala ya nkhani yanu. Jambulani kapena koperani zokambirana zonse zenera lisanatsekeke, chifukwa zambiri zimafufutika. Netiweki ikaduka pakati, zimene zimachitika kawirikawiri pa bando ya foni, yambiraninso. Kukambirana kothera panjira sakuwerengera ngati kuletsa. Ngati mwaimba foni, lembani dzina la wothandizayo, tsiku ndi nthawi, kenako tumizani imelo yonena kuti malinga ndi zimene mwakambirana lero mwaletsa.

Njira zonsezi zikakanika, lembani imelo ku adiresi ya makasitomala, yaifupi: dzina, imelo ya akaunti, mawu omveka akuti mukuletsa kuyambira lero, kuti mukuchotsa chilolezo chodula ndalama pa khadi lanu, ndi kuti akuyankheni m'masiku 7. Ngakhale asayankhe, imeloyo ndi umboni wa tsiku limene munawauza.

Zimene siziletsa kanthu

Kufufuta app pa foni sikuletsa. Kudina Unsubscribe m'munsi mwa imelo kumangoimitsa maimelo a nkhani, ndalama imapitirira kutuluka, ndipo mukhoza kudzitsekera nokha chenjezo limene likanabwera. Kufufuta akaunti yonse musanaletse n'koipa kwambiri, chifukwa mwataya khomo lolowera pamene chilolezo chodula chikadali ndi Apple, Google kapena kampani yotolera ndalama.

Kusiya akaunti ya ku banki yopanda ndalama kumangochedwetsa. Makina awo amayesanso patapita masiku angapo, mobwerezabwereza, ndipo tsiku limene malipiro alowa amapezerapo. Kudikira kuti khadi lithe nthawi kapena kutenga latsopano nakonso n'kosadalirika. Visa ili ndi dongosolo lotchedwa Account Updater, Mastercard ili ndi Automatic Billing Updater, ndipo banki ikakhala m'dongosololi nambala ya khadi latsopano imaperekedwa yokha kwa makampani amene mumawalipira mwezi ndi mwezi. Komanso pa mgwirizano wa chaka wolipira pang'onopang'ono, kusalipira kumasanduka ngongole, zimene kwa wokhala ku Britain kapena ku South Africa zikhoza kufika kwa otolera ngongole.

Akadulabe mutaletsa

Yambirani kwa wodulayo. Tumizani chithunzi cha sikirini kapena imelo yotsimikizira, mupemphe kuti abweze. Umboni ukakhala womveka ambiri amabweza osalimbana. Za Apple zimapemphedwa pa reportaproblem.apple.com. Za Google Play n'zosavuta kwambiri m'maola 48 oyambirira, kupitirira apo amakutumizani kwa eni app.

Akakana kapena akangokhala chete, pitani ku banki imene inakupatsani khadi mukatsutse ndalamayo. Malamulo a Visa ndi Mastercard ali ndi gawo la ndalama yodulidwa munthu ataletsa kale, ndipo nthawi yodandaulira nthawi zambiri ndi masiku 120, ngakhale banki yanu ikhoza kuika malire aafupi. Adzafuna tsiku limene munaletsa, umboni wake, ndi umboni woti munayesa kulankhula ndi kampaniyo. Musanene kuti khadi labedwa kapena kuti kampaniyo simukuidziwa. Iwo adzaonetsa kuti munalembetsa nokha, ndipo mlandu mwaluza. Nenani zoona zake, kuti munaletsa pa tsiku lakuti koma adulabe. Ngati nkhani yake ndi ya masiku aulere oyesera, tchulaninso ngati sanakuchenjezeni: kuyambira mu Epulo 2020 Visa imafuna kuti wogulitsa atumize chikumbutso kutatsala masiku 7 kapena kuposa asanayambe kudula, pamodzi ndi njira yoletsera pa intaneti.

Mphamvu ya lamulo imadalira kumene mukukhala. Ku Britain, mukauza banki kuti iimitse kudula kobwerezabwereza pa khadi, iyenera kuimitsa, bola muwauze lisanathe tsiku la ntchito lotsogolera tsiku lodulira, ndipo ndalama yotuluka pambuyo pake ayenera kubweza. Malamulo a 2013 amapatsanso wogula pa intaneti masiku 14 osinthira maganizo, ngakhale pa zowerenga za pa intaneti ufuluwu umatha kutayika ngati munavomereza kuyamba kuwerenga nthawi yomweyo. Banki ikakana, dandaulo limapita ku Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo okhudza mabanki. Ku South Africa, gawo 14 la Consumer Protection Act ya 2008 limalola munthu kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika popereka chidziwitso cha masiku 20 a ntchito, ngakhale kampani ikhoza kulipiritsa chindapusa choyenera. Debit order wamba, kutanthauza ndalama imene kampani imadzitengera mu akaunti ya ku banki mutailola, amathanso kutsutsidwa ku banki. Koma masiku 7 osinthira maganizo a m'lamulo la 2002 la malonda a pa intaneti sakhudza kugulitsa nyuzipepala ndi magazini, ndiye musawadalire. Ku Germany, kuyambira pa 1 Julayi 2022, webusaiti yogulitsa mgwirizano wotere iyenera kukhala ndi batani loletsera loonekera.

Ku America nkhani yake yayenda mokhotakhota. Bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo mu Okutobala 2024 lakuti kuletsa kukhale kosavuta mofanana ndi kulembetsa, koma khoti la apilo linalithetsa mu Julayi 2025 kutatsala masiku ochepa kuti liyambe kugwira ntchito, chifukwa cha ndondomeko imene bungweli linatsata polipanga. Lamulo la 2010 lotchedwa ROSCA, lofuna njira yosavuta yoimitsira kudula, likadalipo, ndipo mlandu wa Amazon Prime umene unatha mu Seputembala 2025 ndi madola 2.5 biliyoni unatsamira pa lamulo limeneli.

Kwa wokhala ku Malawi kapena ku Zambia, bungwe la Competition and Fair Trading Commission kapena la Competition and Consumer Protection Commission likhoza kuthandiza pa kampani ya m'dzikomo, koma dzanja lake silifika ku New York. Chida chanu chenicheni ndi banki imene inakupatsani khadi. Lembani dandaulo, asaine kapena adinde kope lanu kuti alandira, ndipo akapanda kuchitapo kanthu mulipititse ku banki yaikulu ya dziko, imene imayang'anira mabanki onse.

Nkhani zobwera pa SMS zimene zimadya mayunitsi tsiku ndi tsiku ndi mtundu womwewo, kungoti wodula ndi kampani ya foni. Uthenga woyamba wolembetsera nthawi zambiri umakhala ndi mawu oletsera, monga kutumiza STOP ku nambala yaifupi yomweyo. Ngati munaufufuta, imbirani a kampani ya foni muwauze kuti akuwerengereni zonse zimene nambala yanu inalembetsa ndipo azichotse. Akalephera, mabungwe oyang'anira makampani a foni, MACRA ku Malawi ndi ZICTA ku Zambia, amalandira madandaulo otere.

Polembetsa ina mtsogolo, fufuzani kaye njira yoletsera musanalowetse khadi, ndipo ngati ndi yoimba foni yokha, lembetsani kudzera ku Apple kapena Google ngakhale mtengo utakwererako pang'ono. Pa imene mwaletsayi, yang'anani sitetimenti pa tsiku limene akanadula komanso mwezi wotsatira. Ngati inali ya pachaka, sungani imelo yotsimikizira mpaka tsiku lobwereza la chaka chamawa litadutsa.